Woponya womaliza ndiye amasenza mlandu: mmene New York Mets inatayira chikho mu 2015

Usiku wa pa 1 Novembala 2015, anthu oposa 44,000 anali chilili m'bwalo la Citi Field ku Queens, mumzinda wa New York, onse akufuula dzina limodzi: Harvey, Harvey. Timu yawo ya baseball, New York Mets, inali patsogolo 2-0 pa masewero achisanu a World Series, mpikisano womaliza umene chikho chimapita kwa timu yoyamba kupambana masewero anayi, ndipo kunatsala anthu atatu okha oti atulutsidwe kuti Kansas City Royals igonje usiku umenewo. Matt Harvey, woponya wa Mets, anali ataponya zigawo 8 mwa 9 osalola run (chigoli cha baseball) ngakhale imodzi. Mphunzitsi Terry Collins anali atatsimikiza kale zomupumitsa, ndipo anatuma wothandizira wake Dan Warthen kukamuuza. Makamera anamugwira Harvey akupukusa mutu, kenako akupita kwa Collins kukamutsutsa maso ndi maso. Collins anagonja. Harvey anatuluka chothamanga kubwerera pakati pa bwalo, ndipo phokoso linakwera ngati chikho chabwera kale.

Pasanathe theka la ola zinthu zinali 2-2, ndipo masewero atatalika mpaka chigawo cha 12, Royals inapambana 7-2 n'kunyamula chikho pabwalo la eni ake. M'mawa mwake ochemerera omwe aja anali pa wailesi ya zamasewero ya WFAN ndi pa Twitter, kufunafuna womuloza chala. Ena anagwira Collins, ena Harvey, ambiri anagwira Jeurys Familia, woponya wotsekera. Ine mlanduwu ndimauona wagona pena, ndipo kuti tifikepo tiyambe tamvetsa mmene masewerowa amayendera.

Baseball ilibe wotchi yothetsa masewero. Izi zokha zimasiyanitsa kwambiri ndi mpira wamiyendo umene tinazolowera. Timu ikatsogola 1-0 pa mphindi 85, imatha kudya nthawi: goloboyi kugona pansi, kusintha osewera pang'onopang'ono, kukankhira mpira kukona. Mu baseball mulibe zimenezo. Masewero amakhala ndi zigawo 9 (matimu akafanana amawonjezera zina), ndipo pachigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Kuti mupambane muyenera kutulutsa adani ka 27, ndipo aliyense wa iwo muyenera kumuponyera mpira, iye ali ndi ndodo m'manja. Palibe kothawira. Run imalowa munthu akazungulira ma base atatu (malo oimapo othamanga) n'kubwerera pamene anamenyera, pamene amati home. Akaumenya mpira n'kudumpha mpanda, imeneyo ndi home run, ndipo onse amene anali pa ma base amalowa naye limodzi.

Woponya amaima mamita 18 ndi theka kuchokera kwa womenya. Mpira wothamanga makilomita 150 pa ola umafika m'kanthawi kosakwana theka la sekondi. Nchifukwa chake womenya amene akupeza hit (kumenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa) katatu pa maulendo 10 alionse amatchedwa katswiri, chikhalirecho walephera ka 7. Koma nayenso woponya ali ndi malire. Dzanja limatopa akamayandikira mipira 100, ndipo omenya akamuona kachitatu usiku womwewo amakhala atamuwerenga: adziwa mmene mpira wake ukukhotera, adziwa chimene amakonda kuponya akapanikizika. Apa mpamene pamabwera bullpen. Mawuwa amatanthauza kamalo kotchingidwa kuseri kwa mpanda kumene oponya olowa m'malo amatenthetsera manja, komanso amatanthauza gulu la oponyawo. Mphunzitsi amaimba foni ya pakhoma, munthu amadzuka n'kuyamba kuponya, ndipo akalowa ndiye kuti amene watuluka sabwereranso usiku umenewo.

Mwa onse a mu bullpen, wotsekera ndiye amasungidwira chigawo chomaliza timu ikamatsogola pang'ono. Akateteza chipambano cha ma run atatu kapena ochepera, amamulembera save, chiwerengero chimene mtolankhani wa ku Chicago Jerome Holtzman anayambitsa ndipo chinavomerezedwa mu 1969. Adani akabweza ali iye pa ntchito, amamulembera kuti wataya save. Lamuloli silifunsa kuti anaika munthu pa base ndani, kapena analakwitsa kugwira mpira ndani. Limangoona amene anali ataima pakati run yobwezayo ikulowa. Sungani mfundo imeneyi.

Familia, mnyamata wa ku Dominican Republic, sanayambe chaka cha 2015 ngati wotsekera. Anatenga malowo Jenrry Mejía atavulala kenako n'kuimitsidwa chifukwa cha mankhwala oletsedwa. Anaigwira ntchitoyo mochititsa kaso: ma save 43 mu ligi, ndipo pa ndime ziwiri zoyamba za ma playoff, polimbana ndi Los Angeles Dodgers komanso Chicago Cubs, sanalole run n'imodzi yomwe. Chida chake chachikulu chinali mpira wothamanga umene umagwa mwadzidzidzi ukamafika, moti womenya amaugunda pamwamba n'kuugwetsera pansi. Woponya wotere amadalira anzake anayi a m'kati mwa bwalo. Iye ntchito yake ndi kuchititsa kuti mpira ugudubuke. Kuutola ndi kuuponya ku base ndi za ena.

Kumbali ya omenya nkhani inali yovuta kuyambira kale. Miyezi inayi yoyamba ya chakacho Mets inali m'gulu la matimu osauka kwambiri pa ma run mu ligi yonse. Pa 9 Juni, Chris Heston wa San Francisco Giants, amene anali m'chaka chake choyamba chathunthu, anawaponyera masewero onse osapereka hit. Mu Julayi, pokumana ndi woponya wa Los Angeles Dodgers Clayton Kershaw, malo achinayi ndi achisanu pamndandanda wa omenya, amene amapatsidwa anthu amphamvu zedi, anali a John Mayberry Jr. ndi Eric Campbell, onse awiri akulephera kufika ngakhale pa hit ziwiri mwa 10. Ochemerera ankalira poyera kuti oponya achinyamata abwino chotere, Harvey, Jacob deGrom ndi Noah Syndergaard, akungowonongeka. Pa 30 Julayi timuyi inatsogola 7-1 kwa San Diego Padres n'kugonja 8-7, Justin Upton atamenya home run ya ma run atatu kwa Familia mvula ili pakati. Tsiku lotsatira akuluakulu anabweretsa Yoenis Céspedes kuchokera ku Detroit, ndipo zinthu zinatembenuka: ma home run 17 m'masewero 57, timu n'kumaliza ndi zipambano 90. Mu Okutobala kunabukanso Daniel Murphy, amene anamenya home run m'masewero 6 otsatizana a ma playoff, zimene zinali zisanachitikepo.

Choncho ochemerera analowa mu World Series ataiwala njala ya mu Juni. Timu yawo inali isanatenge chikho kuyambira 1986, Royals kuyambira 1985.

Masewero oyamba ku Kauffman Stadium, pa 27 Okutobala, ndi okhawo amene ndinganene mosazengereza kuti Familia anawataya yekha. Mets ikutsogola 4-3, munthu mmodzi atatuluka m'chigawo cha 9, anayesa kumudzidzimutsa Alex Gordon pomuponyera mofulumira asanakhazikike. Mpirawo sunagwe. Gordon anaukweza pakati penipeni kudumpha mpanda. Koma masewerowo sanathere pamenepo. Anapitirira mpaka chigawo cha 14, ndipo m'zigawo zonsezo omenya a Mets anali zii. Chris Young, munthu wamtali amene mpira wake sunali wothamanga kwenikweni, anawaponyera zigawo zitatu osapereka hit. Tsiku lotsatira Johnny Cueto anaponya masewero onse yekha n'kupereka hit ziwiri zokha, zonse za Lucas Duda, Royals n'kupambana 7-1. Atabwerera kwawo, Mets inapambana achitatu 9-3, ndipo Collins analowetsa Familia kuti amalize ngakhale anali patsogolo ndi ma run 6, chinthu chimene ambiri anadzachikumbutsa pambuyo pake.

Achinayi anachitika pa 31 Okutobala. Michael Conforto, mnyamata wa zaka 22, anamenya ma home run awiri, ndipo pofika chigawo cha 8 zinali 3-2. Tyler Clippard anatulutsa munthu mmodzi kenako n'kupereka anthu awiri pa base mwaulere, chifukwa cholephera kulunjika. Apo mpamene anaitana Familia, nyumba itayamba kale kufuka utsi. Iye anachita ntchito yake: Eric Hosmer anagudubuza kampira kofooka kulunjika kwa Murphy pa base yachiwiri. Murphy anathamangira kutsogolo, anawerama, mpira n'kudutsa pansi pa gulovu yake. Ben Zobrist analowa, 3-3. Kenako Mike Moustakas ndi Salvador Pérez anamenya hit aliyense, zinathera 5-3. Ndipo masewerowo anatha Céspedes atagwidwa atatalikira base yoyamba pa mpira umene Duda anamenya molunjika m'manja mwa Moustakas, Mets ili ndi anthu awiri pa ma base.

Ochemerera akale a Mets sanachedwe kukumbukira 1986, pamene mpira wa Mookie Wilson unadutsa pakati pa miyendo ya Bill Buckner wa Boston Red Sox. Chaka chimenecho tsokalo linagwera adani. Ndipo nkhani ya Buckner imaonetsa khalidwe lomweli la ochemerera: pamene mpira unkamudutsa, oponya a bullpen ya Boston, Calvin Schiraldi ndi Bob Stanley, anali atataya kale chitsogozo cha ma run awiri. Koma dzina limene linanyozedwa zaka zambiri ndi la Buckner, poti ndi iye anaoneka pa chithunzi chomaliza.

Tibwerere ku usiku wa Harvey. Anthu ambiri akamaufotokoza amayambira pa chigawo cha 9. Ine ndimayambira pa cha 6.

Curtis Granderson anali atatsegula masewero ndi home run, 1-0. M'chigawo cha 6, Edinson Vólquez, amene anali atangobwera kumene kokaika maliro a bambo ake ku Dominican Republic, anayamba kutopa. Granderson anapita pa base mwaulere, David Wright anamenya hit, Hosmer analakwitsa kugwira mpira wa Murphy. Ma base onse atatu odzaza, palibe amene watuluka, ndipo amene akubwera ndi Céspedes. Pa baseball palibe mwayi woposa umenewu. Mwachizolowezi timu imatulukapo ndi ma run opitirira awiri. Céspedes anadzimenya yekha ndi mpira pa bondo lamanzere, anagwa pansi akubuula, madokotala a timu anathamangira. Aliyense ankaona kuti munthuyu sangathe kuthamanga. Anamusiya kuti amalize, iye anangokweza kampira m'mwamba, kanagwidwa, anabwerera akutsimphina ndipo sanaseweranso. Duda anamenya mpira wautali umene unagwidwa koma unalowetsa Granderson. Travis d'Arnaud anagudubuza, chigawo n'kutha. Run imodzi basi. Kuchokera pamenepo mpaka chigawo cha 12, Mets sinalowetsenso kanthu, ndipo usiku wonse inapeza hit zinayi.

Zikanakhala 4-0, mkangano wa Harvey ndi Collins bwenzi lero palibe akuukumbukira. Koma zinali 2-0, chitsogozo choti kutsetsereka kumodzi kumachimaliza.

Harvey anali atachitidwa opaleshoni yaikulu ya chigongono mu 2013, sanasewere 2014 yonse, ndipo mu Seputembala 2015 womuimira wake Scott Boras anautsa fumbi ponena kuti asapyole zigawo 180 chakacho. Ochemerera anamunena kwambiri nthawi imeneyo kuti akudzikonda. Ndiye usiku uno, atapyola kale zigawo 200 ndi mipira 100, munthu yemweyo ankafuna kuonetsa kuti sathawa nkhondo, ndipo bwalo lonse linali kumbuyo kwake. Woyamba kukumana naye anali Lorenzo Cain, kachinayi usiku umenewo. Anamupereka pa base mwaulere. Apa ndi pamene ine ndimamuimba mlandu Collins. Kumulola kuyamba chigawocho ndikukumvetsa, munthu waponya bwino chotero. Koma chizindikiro chitaoneka, anayenera kudzuka. Sanadzuke. Cain anaba base yachiwiri (anathamangirako mpira usanamenyedwe), Hosmer anamenya mpira wodutsa pamwamba pa Conforto kumanzere, 2-1, Hosmer ali pa base yachiwiri, palibe wotuluka. Mpamene anaitana Familia.

Taonani tsono zimene Familia anachita. Moustakas: anagudubuza kwa Duda, watuluka, Hosmer wasunthira pa base yachitatu. Pérez: anagudubuza kampira kofooka kumanzere. Wright anadutsa kutsogolo kwa Wilmer Flores n'kukatola, anamuyang'ana Hosmer kuti asasunthe, kenako anatembenuka n'kuponya ku base yoyamba. Mpira utangochoka m'dzanja la Wright, Hosmer analiyatsa liwiro kulunjika home, mtunda wa mamita 27. Duda anaugwira, Pérez watuluka, anthu awiri. Kuponya kolunjika kupita kwa d'Arnaud, amene ankalondera home, kukanamupeza Hosmer asanafike, ndipo masewero akanathera pomwepo Mets itapambana 2-1. Mpira wa Duda unapita kumbali, kutali ndi gulovu, mpaka kukagunda kumbuyo. Hosmer anatsetsereka chamimba, bwalo lonse linangoti kakasi. Familia anatulutsa Gordon, anabweranso m'chigawo cha 10 n'kutulutsa atatu otsatizana. Anthu 6, onse otuluka, popanda hit. M'buku analembedwa kuti wataya save, yachitatu mu World Series imodzi, munthu woyamba kutero m'mbiri yonse.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mwana amene adzawerenge mbiriyo adzangoona nambala 3 pafupi ndi dzina lake.

Bullpen inadzagwadi, sindikubisa. M'chigawo cha 12 Addison Reed anapereka hit kwa Pérez, Jarrod Dyson analowa kudzathamanga n'kuba base, ndipo Christian Colón, amene anali asanamenyeko n'kamodzi komwe m'ma playoff onsewo, anamenya hit yotsogoza Royals. Murphy analakwitsanso mpira wina, Cain anamenya wolowetsa atatu kwa woponya wa Mets Bartolo Colón, ma run asanu m'chigawo chimodzi. Koma bullpen imene yatumidwa kuteteza 2-2 kwa zigawo zitatu popanda thandizo lililonse imakhala ikungodikira nthawi yake. Mbali inayo Kelvin Herrera anaponya zigawo zitatu, Luke Hochevar ziwiri, Wade Davis n'kumaliza, ndipo palibe wa Mets amene anawagwedeza.

Manambala a mpikisano wonse amanena momveka kuposa ine. Mets inatsogolapo m'masewero onse asanu. Inalowetsa ma run 19, koma 9 mwa amenewo anabwera usiku umodzi; m'masewero anayi amene inagonja inapeza 10 m'zigawo 44. Kuyambira chigawo cha 7 kupita m'tsogolo, m'masewero onse pamodzi, Royals inalowetsa 15, Mets imodzi, ndipo imodziyo inachita kupatsidwa ndi kulakwitsa kwa Hosmer. Murphy anapeza hit zitatu pa maulendo 20. Céspedes chimodzimodzi, zitatu pa 20.

Chimachititsa n'chiyani kuti anthu amene dzulo ankaphwanya mipanda lero akhale ngati agwira ndodo koyamba? Ochemerera anali ndi mayankho awo. Ena ankati masiku asanu amene timu inakhala osasewera itachotsa Cubs pa 21 Okutobala anaziziritsa moto wa Murphy. Ena anakwiya ndi Céspedes, amene anakasewera gofu tsiku la masewero omaliza ndi Cubs kenako n'kutuluka m'bwalo phewa likumupweteka. Mwina muli choona pang'ono. Koma maulendo 20 ndi ochepa kwambiri. Kusiyana kwa hit zitatu ndi hit 6 pa 20, kumene kuli kusiyana kwa wolephera ndi katswiri, ndi mipira itatu yokha imene inagwera m'gulovu m'malo mogwera pa kapinga. Pa ligi ya masewero 162 zoterezi zimadzikonza zokha. Pa masewero asanu sizipeza mpata. Moto wa Murphy wa masabata awiri apitawo nawonso sunali msinkhu wake weniweni wa nthawiyo. Chaka chonsecho anali ndi ma home run 14.

China ndi kamangidwe ka matimu awiriwa. Mets inkadalira home run: inamenya 6 mu World Series, atatu a Granderson, awiri a Conforto, imodzi ya Wright, ndipo mpira ukapanda kudumpha mpanda inkasowa njira ina. Royals inamenya awiri okha. Iyo inali timu imene omenya ake ankatuluka osaugunda mpira kochepa kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho. Ankangougunda, kuuika m'bwalo, kuthamanga, n'kukusiyani kuti mugwire ndi kuponya molondola nthawi iliyonse. Kwa woponya ngati Familia, amene moyo wake uli pa mipira yogudubuka, ndi anzake a m'kati amene sanali odziwika ndi manja abwino, ameneyu anali mdani woipitsitsa. Hosmer sanathamange mwamisala. Anthu a Royals ofufuza adani anali atawauza kale kuti Duda saponya molunjika, komanso kuti Wright, amene ankavutika ndi msana chaka chimenecho, amaponya mochedwerapo.

Nanga bwanji mkwiyo umathamangira kwa wotsekera? Kulephera kwa omenya kumabwera pang'onopang'ono, kogawikana pakati pa anthu 9 ndi maola atatu. Munthu akatuluka m'chigawo cha 4 mnzake ali pa base yachiwiri, mumangodandaula pang'ono n'kudziuza kuti mpata ulipo. Palibe chithunzi chimodzi cha run imene sinalowe. Kugwa kwa bullpen kumabwera kamodzi, mtima utayamba kale kuwerengera chipambano, ndipo kumakhala ndi nkhope imodzi, ya munthu ataima yekha pakati pa bwalo akuyang'ana mpira ukupita. Amene amatsata mpira wamiyendo akudziwa: omwetsa zigoli akaphonya kasanu, goloboyi n'kutaya kamodzi pa mphindi 90, amene amagona osadya ndi goloboyi.

Ndipo pali mbali imene ochemerera sakonda kuikhudza. Iwo omwe anafuula kuti Harvey abwerere. Collins, polankhula ndi atolankhani usiku womwewo, anavomera kuti analola mtima kugonjetsa nzeru zake ndipo anati mlandu ndi wake. Sanaloze bwalo, ngakhale akanatha. Walira mvula walira matope, koma m'mawa mwake ambiri mwa amene analira mvulayo ankafunsa kuti mphunzitsi wanzeru angamvere bwanji phokoso la anthu. Sindikuwanyoza. Munthu amene wadikira zaka 29, wagula tikiti yodula, waimirira maola anayi kukuzizira, sangakhale pansi n'kumawerengera maulendo 20 a Murphy. Amafuna dzina limodzi loti alitchule, ndipo lamulo la save limamupatsa dzinalo lolembalemba.

Murphy anachoka chaka chomwecho kupita ku Washington Nationals, kumene anakamenya bwino koposa kale, makamaka akakumana ndi Mets. Familia anatsala, ndipo mu 2016 anapeza ma save 51, ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyi. Pa 5 Okutobala chaka chimenecho, pa Citi Field pomwepo, Mets inakumana ndi San Francisco Giants pa masewero amodzi opatulana. Syndergaard anaponya zigawo 7 osalola run. Familia analowa m'chigawo cha 9 zili 0-0, ndipo Conor Gillaspie anamumenyera home run ya ma run atatu. Dzina lake linabwereranso pa wailesi m'mawa mwake. Madison Bumgarner anali ataponya zigawo zonse 9 yekha, ndipo omenya a Mets anapeza hit zinayi, run ayi.